Kulembedwa Nchito Kapena Kudzigwirira?

Wophunzira akatsiriza maphunziro pano, amapeza njira ziwiri: kulembedwa nchito pa famu, kapena kudziimira payekha, kumalimira anthu ndi thirakita.

Wolembedwa amalandira zotsala. Abwana amacotseratu 5 peresenti ya NAPSA, naonjezapo 5 peresenti yawo, ndipo malipiro akapitirira malire amadulanso msonkho wa PAYE.

Wodziimira amalandira zonse m'manja, ndipo ambiri amapunthwa pomwepa. Ayenera kutenga TPIN ku ZRA, kulemba zolowa zonse, ndi kudzilipirira msonkho wa Turnover Tax, umene umawerengedwa pa ndalama zonse zolandiridwa, osati pa phindu lokha. Dizilo angakwere mtengo, msonkhowo sucepa.

Conco musanachule mtengo wolimira hekitala, werengeranitu mafuta, msonkho ndi za ukalamba wanu. Walira mvula walira matope.