DZANZI LA USIKU M'ZALA: TISACHEDWE NALO

Mu mpingo wathu wa ku Zolozolo muli mayi ena a Umanyano amene kwa zaka zambiri alera ana awo ndi ndalama za majuzi oluka pamanja. M'nyengo yozizira ya chaka china anayamba kudzidzimuka pakati pa usiku, zala za dzanja lamanja zitachita dzanzi ngati mukuyenda nyerere. Akakutumula dzanjalo, dzanzi linkatha. Tonse tinati nchisanu cha ku Mzuzu, chidzapita ndi mwezi wa Ogasiti. Koma dzuŵa linatentha, dzanzi osachoka. Singano zinayamba kuwapulumuka, makapu kusweka. Abale anapita nawo kwa sing'anga amene anawatema mphini pamkono, nawauza kuti wawachita chipongwe ndi mnzawo woluka naye. Motero nkhaniyi inafika kwa ife akulu a mpingo ngati mlandu wa akhristu aŵiri osapatsana moni, pamene inali nthenda yofunika dokotala.

Gwero la nthendayi

Madokotala amaitcha carpal tunnel syndrome. Pamfundo ya dzanja, pamene timavala wotchi, pali timafupa 8 timene tinakhala ngati ngalande, ndipo pamwamba pake panayalidwa lamba wolimba. M'kanjira kopapatizaka mumadutsa zingwe 9 zopinda zala, pamodzi ndi mtsempha umodzi wonyamula mauthenga pakati pa zala ndi ubongo. Mukatupa m'kanjiramo, mtsemphawo umapanikizika, pakuti mafupa ndi lamba uja sizifutukuka. Dzanzi limagwira chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chala champhete. Chala chakaniche chimatsala bwinobwino chifukwa chili ndi mtsempha wina. Usiku zimanyanya popeza ambiri timagona titapinda manja.

Nthendayi imagwira amayi kuposa abambo, makamaka a zaka zapakati. Imakonda anthu odwala shuga kapena nyamakazi, onenepa kwambiri, ndi ogwira ntchito yofinya dzanja tsiku lonse kapena ya makina onjenjemera, monga aja odulira zitsulo. Amayi oyembekezera nawonso imawapeza, koma kaŵirikaŵiri imatha akachira. Tisaiŵale kuti dzanzi lili ndi magwero enanso, monga khate ndi kuphinjika kwa mitsempha ya m'khosi. Nchifukwa chake woyenera kugamula ndi wachipatala, osati mnansi.

Si nthenda yachilendo. Mu 1854 Sir James Paget wa ku London analemba za kupanikizika kwa mtsempha umenewu, ndipo m'zaka za m'ma 1950 Dr George Phalen wa ku Cleveland, ku America, anaidziŵitsa kwa madokotala ambiri. Kuyesa kotchedwa ndi dzina lake nkosavuta: wodwala amapinda manja pamfundo kwa mphindi imodzi, ndipo ngati ili nthendayi dzanzi limabwera.

Opaleshoni ya bala laling'ono

Ikadziŵika msanga, mpeni sufunika nthaŵi zonse. Wodwala amavala chomangira choongola dzanja usiku, amachepetsa ntchito yoliŵaŵitsa, ndipo ena amabayidwa jakisoni wochotsa kutupa. Zimenezi zikalephera, kapena mnofu wa patsinde pa chala chachikulu ukayamba kuphwa, pamafunika opaleshoni. Cholinga chake nchimodzi: kudula lamba uja kuti mtsempha upeze malo.

Mwa njira yakale dokotala amacheka pachikhatho masentimita angapo, naona lambayo ndi maso, namudula. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Dr Ichiro Okutsu wa ku Japan anayamba kuloŵetsa kachubu kokhala ndi kamera pakabala kakang'ono, nadula lambayo cham'kati akuyang'ana pa kanema. Ku America Dr James Chow anafalitsa njira ya timabala tiŵiri mu 1989, ndipo Dr John Agee ya kabala kamodzi mu 1992. Kabalako kamakhala ka sentimita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Njira zonsezi zingathe kuchitika atangochititsa dzanzi dzanja lokha, ntchito yake siitenga ola lathunthu, ndipo wodwala amabwerera kwawo tsiku lomwelo.

Ubwino wa njira ya kamera ngwakuti chikhatho sichiŵaŵa kwambiri m'masabata oyamba, ndipo munthu amabwerera ku ntchito msanga, mwina ndi sabata imodzi. Koma zipangizo zake nzokwera mtengo ndipo zimafuna dokotala wozizoloŵera. Chimene tikufuna aŵerengi asunge nchakuti pakapita miyezi, ochitidwa njira yakale ndi ochitidwa njira yatsopano amachira mofanana. Chimene chimasiyanitsa kwambiri odwala si kukula kwa bala ayi, koma nthaŵi imene mtsempha wakhala wopanikizika. Tsono wina asakhale panyumba kudikira ndalama zopitira kunja pofuna kamera, dzanja likufota.

Thandizo lili pafupi

Kuyambira mu 1985 dziko la Malaŵi lakhala likuphunzitsa makiliniko ofesala a za mafupa, amene amagwira ntchito m'zipatala za maboma. Kuno kwathu tili ndi chipatala chachikulu cha Mzuzu, chimene chinatsegulidwa mu 2000, ndiponso chipatala cha Sinodi yathu ku Ekwendeni. Ku Lilongwe, pa chipatala cha Kamuzu Central, kuli chipatala chapadera cha mafupa ndi mitsempha chotchedwa LION. Poyambira ndi pa chipatala chimene tayandikana nacho, ndipo iwo ndiwo amalemba kalata yotumiza wodwala patsogolo. Pofotokoza tinene bwino zala zimene zimachita dzanzi, nthaŵi yake, ndi pamene zinayambira.

Mayi athu aja anapita ku chipatala patatha zaka ziŵiri. Anawachita opaleshoni ya njira yakale, ndipo sabata yomweyo anayamba kugona mpaka tambala. Koma mnofu wa chala chachikulu unali utaphwa kale, ndipo mphamvu yake sinabwerere yonse. Juzi limene ankamaliza m'masiku atatu tsopano limawatengera sabata yathunthu. Mnzawo amene ankamunamizira ufiti ndiye ankawachapira ndi kuwatungira madzi bala lisanapole, ndipo anakhululukirana pamaso pa akulu a mpingo.

Uthenga Wabwino wa Marko, mutu 3, umatiuza kuti Ambuye anachiritsa munthu wa dzanja lopuwala pa tsiku la Sabata, osadikira kuti kuche. Ifenso tisazengereze. Inu abambo, mukamva amayi akukutumula dzanja usiku, musatembenukire kukhoma. Inu achinyamata, mukaona makolo akugwetsa makapu kapena kulephera kumanga mabatani, musawaseke. Alandireni mtondo ndi zochapa, ndipo aperekezeni ku chipatala. Manja amene anatilera ayenera kusamalidwa akadali ndi mphamvu.