Bandulo yanu sakukuberani, ikudyedwa ndi filimu yomwe mukuonerayo

Loweruka lapitali mng'ono wanga anabwera ndi anzake awiri kuchipinda chomwe ndimachita lendi kuno ku Chinamwali, akuti tionere Squid Game. Ndinali nditangogula bandulo ya mwezi wonse, ndiye ndinayatsa hotspot, n'kulumikiza laputopu yomwe ndinatsala nayo nditasiya sukulu ya ukachenjede panjira (imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina). Tinaonera mpaka tambala woyamba. Kutacha ndinapeza uthenga pafoni woti bandulo yatha. Ya mwezi wonse, usiku umodzi.

Ndinachita zomwe tonse timachita: kulowa pa Facebook ndi timayunitsi totsala kuti ndikatukwane kampani ya netiweki. Koma ndisanalembe ndinayamba ndaona mu settings ya foni, pamene pamaonetsa komwe data yapita. Panalibe wakuba. Tinadya tokha, tikuseka.

Ambirife timaganiza kuti kuonera pa intaneti, kumene amati streaming, n'kosiyana ndi kudawuniloda, ngati kuti ukungosuzumira pawindo osatenga kanthu. Ayi ndithu. Filimu imakhala pa makompyuta akuluakulu a kampaniyo itaduladula tizidutswa ta masekondi ochepa. Ukadina play, foni imayamba kukoka tizidutswato kamodzikamodzi, n'kusunga tingapo patsogolo kuti chithunzi chisadukeduke. Kachizungulire kamene kamatipsetsa mtima kaja ndiye kuti tosungidwa tatha, foni ikudikira tina. Kadutswa ukakaonera kamatayidwa. Choncho wadawuniloda filimu yonse, walipira, koma sunatsale nayo. Ukafuna kuibwereza mawa, ulipiranso.

Pali china chomwe chinandidabwitsa kwambiri. Kadutswa kalikonse amakasunga m'mitundu ingapo, kuyambira kosaoneka bwino mpaka kowala ngati uli pomwepo. Manambala mumawaona pa YouTube aja, 144p, 360p, 720p, 1080p, ndi amenewo. Ukasiya pa Auto, foni imayeza liwiro la netiweki n'kusankha yokha. Masana netiweki ikamakwawa imatenga totsika. Usiku anthu akagona, msewu uli mbee, imathamangira tapamwamba. Ndiye kuti tsiku limene ukunyadira kuti lero netiweki ili bho, ndi tsiku lomwelo bandulo ikupsa ngati udzu wa mu Okutobala.

A Netflix eni ake amanena poyera mmene zimadyera. Chithunzi chotsikitsitsa chimatha pafupifupi 0.3GB pa ola, chapakati chimafika 0.7GB, cha HD chimafika 3GB, ndipo cha 4K mpaka 7GB pa ola limodzi. Tiwerenge limodzi. Gawo loyamba la Squid Game, lomwe linatuluka mu 2021, lili ndi maepisodi 9, onse pamodzi ngati maola 8. Pa HD mukhoza kutha 24GB. Pa chotsika simufika ndi 3GB yomwe. Nkhani yake ndi yomweyo, omwalira ndi omwewo. Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, ija ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu yomwe Chiwetel Ejiofor anajambula konkuno n'kutuluka pa Netflix mu 2019, ndi yosakwana maola awiri. Pa HD ingakudyereni kuposa 5GB, pa chotsika siikwana ndi 1GB.

Kunena zoona, pa sikirini ya foni yokwana m'dzanja, diso langa silisiyanitsa kwenikweni 480p ndi 1080p. Tinakulira m'ma video show a mabenchi, TV ili pamwamba pa kabati, filimu ya karate itamasuliridwa m'Chichewa ndi mkulu wina wolankhula mawu a aliyense, a mkazi ndi a bwana omwe, ndipo palibe anadandaulapo za mapikiselo.

Msampha umene ndinagwamo ine ndi wa hotspot. Mu pulogalamu ya Netflix ya pafoni muli posankha Save Data, ndipo imathandizadi mukamaonera pafoni pomwepo. Koma mukapatsira laputopu kapena smart TV, chipangizocho chimaona ngati chalumikizidwa ku Wi-Fi ya m'nyumba yopanda malire. Sichidziwa kuti kuseri kwake kuli bandulo yogula ndi ndalama ya ndiwo. Chimangokoka chapamwamba, nthawi zina n'kuyambanso ma update chamseri. Mankhwala ake n'kulowa mu akaunti kudzera pa browser, kupita pa Playback settings ya profile yanu n'kuika Low kapena Medium. Pomwepo zimitsaninso autoplay, chifukwa episodi ikatha ina imayamba yokha, ndipo ikamadzafunsa ngati mukuonerabe mumakhala mutayamba kale kuliza mkonono. Pa YouTube dinani kagiya kaja musankhe nokha 360p kapena 480p.

Njira ina ndi kudawuniloda dala. Data yake imatha ndithu, koma kamodzi kokha, ndipo mukhoza kuchita izi ndi bandulo ya usiku kapena pamene mwapeza Wi-Fi. Magetsi akathima, netiweki n'kuyamba kuvuta, inu mukuonera zanu. Kungoti zimene mwadawuniloda mu Netflix zimakhala momwemo, simungazitumize kwa mnzanu kapena kuziika pa fulashi, ndipo zina zimafufutika pakapita masiku.

Tsono bandulo ndi theka chabe la nkhani. Netflix inafika kuno mu Januwale 2016 pomwe inatsegula m'maiko 130 nthawi imodzi, koma kulipira kwake kumafuna khadi ngati ya Visa kapena Mastercard, ndipo mtengo umatsatira dola. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo m'makwacha unakwera popanda a Netflix kusintha kalikonse. Apa ndi pamene abwera anyamata a pa WhatsApp status aja: tumizani kangachepe pa mobile money, ndikupatsani password. Ena ndi achilungamo, akungogawana ndalama ndi anzawo. Koma akaunti si yanu. Mnzanga wina analipira mwezi, patatha masiku anayi password inasintha, nambala ya wogulitsayo osapezekanso. Komanso kuyambira 2023 a Netflix anayamba kukhwimitsa lamulo loti akaunti imodzi ndi ya anthu okhala nyumba imodzi, ndiye mukhoza kutsekeredwa panja filimu ili pakati.

Masamba aulere aja, odzaza zotsatsa za kubetcha ndi mabatani asanu olembedwa Download, ine ndinasiya. Data amadya chimodzimodzi, zotsatsazo zimadyanso yawo, ndipo akakuuzani kuti muike kaye kapulogalamu kena kuti filimu iyambe, dziwani kuti mukulowetsa mlendo m'foni momwe muli ndalama zanu. Kuonjezera apo, ikakhala filimu ya kuno kwathu, amene anaijambula ndi ndalama zake sapezapo ngakhale tambala. Mafilimu ndi masewero ambiri achimalawi eni ake amaika okha pa YouTube, ndipo kuonera pa tchanelo chawo n'kumene kumawerengedwa.

N'chifukwa chake sindidabwa kuona kuti obena mafilimu pamsika akadali ndi makasitomala mpaka lero. Munthu amawerenga zala n'kuona kuti fulashi yodzaza imamutchipira kuposa maola awiri a HD.

Mng'ono wanga wanena kuti abweranso Loweruka, akufuna gawo lachiwiri. Ndamuuza kuti tionera pa Medium, autoplay yozimitsa, ndipo hotspot ikhala ya foni yake.