Moto wa mu injini ya ndege umadalira kamvuluvulu

Ndege ikamanyamuka pa bwalo la Mzuzu, anthu a ku Ching'ambo amaimva ali m'nyumba zawo. Zotera pano ndi zing'onozing'ono chifukwa msewu wa bwaloli ndi waufupi. Boeing 737 ya Malawi Airlines imatera ku Lilongwe ndi ku Chileka. Komabe zina mwa ndege za mapulopela zotera ku Mzuzu zili ndi injini zomwe m'kati mwake zimagwira ntchito mofanana ndi za jeti: zimakoka mpweya, kuupanikiza, kuusakaniza ndi mafuta n'kuuyatsa, kenako mpweya wotenthawo umazunguza mapiko achitsulo otchedwa turbine.

Mafuta ake, Jet A-1, ndi parafini woyengedwa bwino. Amene anayendapo ndi koloboyi panja kukuwomba mphepo akudziwa kuti moto wa parafini suchedwa kuzima. Nanga mu injini, momwe mpweya umathamanga kuposa mkuntho, umakhalamo bwanji? Frank Whittle wa ku Britain, yemwe analiza injini yake yoyamba mu 1937, anavutika nalo zaka zingapo funsoli.

Yankho lake ndi kuuvundula dala mpweyawo. Polowera m'chipinda choyakira moto pali timapiko topinda timene timaupota ngati kamvuluvulu. Mpweya wina wotentha umabwerera m'mbuyo n'kumayatsa mafuta atsopano, ndipo mafuta amapsa pafupifupi onse.

Vuto lili kutsogolo. Motowo umafika madigiri pafupifupi 2,000, pomwe chitsulo cha nickel chopangira mapiko a turbine chimasungunuka usanafike 1,500. Mapikowo amapulumuka chifukwa cha timabowo totulutsa mpweya wozizirirapo umene umawakuta. Tsono mpweya wovunduka uja ukafika pamenepa umang'amba chokutacho, ndipo ngati sunasakanikirane bwino umabwera ndi mizere yotentha kwambiri yomwe imawotcha malo amodzimodzi. Kuti mapiko asapse, amisiri amawonjezera mpweya wozizitsa. Mpweya umenewu injini yautayira kale mphamvu poupanikiza, chonsecho sunalowe pamoto. Apa ndi pomwe mafuta amathera chabe, ndipo kunena zoona, opanga injini amangosankha kuti aluze mbali iti.

Mzuzu ili pamtunda wopitirira mamita 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, kotero mpweya wake ndi wopepuka. Masana a mu Okutobala umapepukiratu, injini imakoka wochepa, mphamvu imatsika. Woyendetsa sangangowonjezera mafuta, poti kutentha kwa pa turbine kuli ndi malire amene iye amawayang'anira pa geji. Chotsala n'kuchepetsa katundu kapena anthu.