Mbalame za ku Chilwa zimatiuza za nyanja yathu

Msodzi wa ku Kachulu kapena ku Mposa akamapalasa bwato pambuyo pa swala ya Fajr, amakumana ndi mbalame zambirimbiri. Kodi timaziyang'anitsitsa? Mbalamezi zimanena zambiri za m'mene nyanja ilili.

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imangolandira kuchokera ku Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe, ndipo ndi yosaya. N'chifukwa chake mvula ikavuta zaka zotsatizana imauma, monga zinachitikira mu 1968 ndi 1995. Dambo lake lili pa mndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse, ndipo chifukwa chimodzi chachikulu ndi mbalame zomwezi.

Poyang'ana mbalame, pitani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, mukhale phee pafupi ndi njedza. Nkhwazi ndi vuwo amadya nsomba, ndiye pomwe achuluka dziwani kuti pansipo pali chakudya. Akakowa amasaka poyenda m'madzi osaya. Mukawaona atayima pakati, pomwe kale munkaponya ukonde, ndiye kuti madzi atsika. Atsekwe ndi abakha a m'madzi amabisa zisa zawo m'udzu ndi m'njedza. Zinanso ndi zachilendo: zimachokera ku Ulaya ndi ku Asia pothawa chisanu, n'kudzakhala nafe nyengo ya dzinja.

Njedza yomweyo ndi pobisalira ana a matemba, makumba ndi milamba. Tikaitentha kuti tikole mbalame kapena titsegule munda wa mpunga, tawononga zisa ndi nsomba za chaka chamawa nthawi imodzi. Kutola mazira nako n'kudya mbewu.

Palinso za halali. Mbalame yophedwa ndi mankhwala, kapena yopezeka itafera mumsampha osazingidwa, Msilamu saloledwa kudya. Mankhwalawo sathera pa mbalame yokha ayi, amalowanso m'madzi omwe ana athu amasamba.

Allah anatiika kukhala oyang'anira dziko, ndipo dambo ili ndi amana m'manja mwathu. Tiyeni tisiye kusaka nthawi yomwe mbalame zikuikira, tilemekeze malo omwe mafumu ndi magulu a osaka anapatula. Ana nawonso tiziwatenga kugombe, adziwe mayina a mbalamezi akadali aang'ono.