Nkhokwe ya Boma ndi Malipiro a Mphunzitsi

Chaka ndi chaka Nduna ya Zachuma imaimirira m'Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe ndi kuwerenga ndondomeko ya chuma cha dziko, imene ambiri amaitcha bajeti. Ena a inu amene mukuphunzira uphunzitsi mumayesa kuti nkhani imeneyi ndi ya aphungu okha. Si tero ayi, pakuti m'menemo ndimo muli malipiro anu a mtsogolo, ndiponso yankho la funso lakuti ana a kumalo ovuta, monga kwa Nyachikadza m'boma la Nsanje, adzaona mphunzitsi kapena ayi.

Bajeti ili ngati nkhokwe ya banja. Zolowamo ndizo misonkho imene bungwe la MRA limatolera, mphatso zochokera ku maiko ena, ndi ngongole. Zotulukamo nzamitundu iwiri: za tsiku ndi tsiku, monga malipiro, mankhwala ndi chiwongoladzanja cha ngongole, ndi zachitukuko, monga misewu ndi nyumba zophunziriramo. Kuyambira mu 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 April ndi kutha pa 31 March. Kale chinkayamba pa 1 July. Lamulo lalikulu nali: boma silitapa ndalama m'nkhokwemo popanda chilolezo cha aphungu.

Tsono malipiro amapanganidwa bwanji? Antchito a boma ali ndi mabungwe awo, monga TUM la aphunzitsi ndi CSTU la antchito a m'maofesi. Lamulo la mu 1996 loona za ubale wa olemba ntchito ndi antchito limapatsa mabungwe otere ufulu wokambirana za malipiro, ndi wonyanyala ntchito njira zina zonse zikakanika. Atsogoleri awo amakhala pansi ndi nthumwi za boma mpaka agwirizane. Koma chimene agwirizana chikali lonjezo chabe kufikira chitalowa m'bajeti ndi kuvomerezedwa. Akulu adati fodya wako ndiye ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasautsa mapangano otere. Choyamba ndi kuchuluka kwa aphunzitsi. Mu 1994, boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, ana adawonjezeka kuchoka pa mamiliyoni awiri osakwana mpaka pafupi mamiliyoni atatu, ndipo boma lidalemba aphunzitsi zikwi zambiri nthawi imodzi. Lero aphunzitsi ndiwo gulu lalikulu koposa mwa antchito a boma. Chotero kandalama kochepa kowonjezedwa pa mutu wa mmodzi kamasanduka phiri kakachulukitsidwa ndi onse.

Chachiwiri ndi kugwa mphamvu kwa kwacha. Mu May 2012 dola imodzi ya ku America, imene inkagulidwa pafupi K168, idafika pa K250, ndipo mitengo ya zinthu idakwera. Mu February 2013 antchito a boma adanyanyala ntchito pafupi masabata awiri, sukulu zidatsekedwa, ndipo boma la Joyce Banda lidavomera kuwonjezera K61 pa K100 iliyonse kwa olandira zochepa, ndi K5 yokha kwa akuluakulu. Chaka chomwecho kudawululika kuba kwa ndalama za boma kotchedwa Cashgate, ndipo maiko othandiza adaleka kuthira ndalama m'bajeti. Mu November 2023 kwacha idagwetsedwanso ndi K44 pa K100 iliyonse. Phunziro lake nlakuti malipiro sitiwayesa ndi manambala olembedwa papepala, koma ndi matumba a chimanga amene angagule.

Tiyeni tiwerengere pamodzi, ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti m'boma lina muli aphunzitsi 2,000, ndipo aliyense amalandira K200,000 pamwezi. Onse pamodzi ndi K400,000,000. Akawonjezeredwa K10 pa K100 iliyonse, pafunika K40,000,000 ina mwezi uliwonse. Ndalama yomweyo ikadatha kulemba aphunzitsi atsopano 200. Ikadathanso kupatsa K100,000 yapadera kwa aphunzitsi 400 a kumalo ovuta. Njira zitatu zonsezi nzabwino, koma ndalamayo ndi imodzi, ndipo siingapite konseko.

Apa ndipo nkhani ifika kwa Nyachikadza. Dera limeneli lili m'madambo a mtsinje wa Shire, kufupi ndi malire a Mozambique, ndipo wopitako amawoloka pabwato. Madzi amasefukira kawirikawiri, monga mu January 2015 ndi mu March 2023 pa namondwe wa Freddy. Kwa zaka zambiri boma lakhala likupempha anthu kuti asamukire kumtunda, koma ambiri akana, chifukwa nthaka ya m'madimba ndi nsomba ndizo moyo wawo. Ana awo ali ndi ufulu wophunzira wofanana ndi wa ana a ku Blantyre. Nanga mphunzitsi adzapitako bwanji, ngati malipiro ake ali chimodzimodzi ndi a mnzake wokhala pafupi ndi banki, chipatala ndi msika? Boma lidayesa kupereka alawansi ya aphunzitsi a kumudzi, koma popeza idaperekedwa kwa aphunzitsi ochuluka kwambiri, ngakhale a pamalo a malonda, mphamvu yake yokokera munthu kutsidya la mtsinje idachepa. Pokambirana, mawu a ambiri ndiwo amamveka, ndipo aphunzitsi a kumadambo ndi owerengeka.

Chifukwa chake, inu mukadzalowa m'bungwe la aphunzitsi ndi kumva kuti pangano lasainidwa, mudzafunse mafunso atatu. Kodi ndalamayo yalowa m'bajeti ya chaka chiti? Kodi mitengo ya zinthu yakwera motani chipanganirane pangano lapitalo? Kodi mnzathu wa kumalo monga kwa Nyachikadza wakumbukiridwa? Ndipo chitsanzo cha manambala chili pamwambacho mukachiyese ndi ana a Sitandade 8 pa phunziro la masamu. Asinthe chiwerengero cha aphunzitsi, awerengere okha, kenaka anene njira imene iwo akadasankha ndi chifukwa chake.