Maso ali pa foni, botolo lili kuseri kwa chitseko

Ine ndine ativisita wa zaumoyo, mwana wanu wa konkuno. Lero ndabwera ndi nkhani ziwiri zimene mwina mungati sizikugwirizana: foni imene ana athu akukula nayo, ndi mankhwala amene timapopera m'munda. Inenso ndinkaziona ngati zosiyana, mpaka tsiku limene zinakumana pakhomo pa achemwali anga.

Inali nthawi ya dimba. Alamu anga anagula mankhwala a mbozi za tomato pamsika, kwa munthu wogulitsa pang'onopang'ono. Anawathirira m'botolo la refiresiko, lopanda pepala lililonse. Atafika kunyumba analiika kuseri kwa chitseko kuti mawa alawire nalo. Madzulo achemwali anapita kuchigayo. Anasiya mwana wa zaka 3 m'manja mwa mkulu wake wa zaka 9, ndipo anawasiyira foni kuti asayendeyende. Wamkuluyo anatsegula filimu ya karate. Wamng'ono anatopa nayo, anayamba kufufuza m'nyumba, napeza botolo.

Anamupulumutsa ndi mayi woyandikana nawo, amene anabwera kudzapempha moto n'kupeza mwana akutuluka dovu, malaya akununkha mankhwala. Tinathamangira naye kuchipatala pa njinga yamoto. Anamwino anafunsa kuti mankhwalawo dzina lake ndi chiyani. Palibe anadziwa. Mwanayo anagona masiku atatu ndipo anachira. Alamu anafuna kukwapula wamkulu uja. Ndinawapempha mwaulemu kuti ayambe aganiza: anaika botolo pansi ndani, nanga anapereka foni ndani?

Ana a lero akuleredwa ndi ndani?

Ine si wamkulu kwenikweni, koma ubwana wanga ndi wa ana a lero zasiyana kale. Ife tinkaumba mpira wa mapepala, kupanga galimoto za waya, atsikana akusewera phada ndi fulaye. Madzulo tinkamvera wailesi ya bambo, batire likatha agogo ankayamba nthano. Kuchokera pamene Movitel inayamba ntchito mu 2012, netiweki inalowa m'midzi yambiri imene kale munthu ankachita kukwera chulu kuti aimbe foni. Masola anachuluka. Tsopano pamsika uliwonse pali mnyamata woika nyimbo ndi mafilimu m'memori, ena omasuliridwa m'chilankhulo chathu chomwechi, ndipo mwana wa zaka 4 amadziwa pobaya kuti filimu iyambe.

Sindikunyoza foni. Timalandirira ndalama pa M-Pesa ndi e-Mola, timamva mtengo wa kachewere tisanasenze thumba, timalankhula ndi abale amene ali ku Tete, ku Beira kapena ku Joni. Tsiku la ngozi lija, njinga yamoto tinaitana pa foni yomweyo. Vuto ndi pamene foni yasanduka mlezi.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse, OMS, linapereka malangizo mu 2019. Linati mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pansi kuonera foni kapena kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Chifukwa chake n'chosavuta. Mwana amaphunzira kulankhula pamene wina akumuyankha, ndipo foni imalankhula koma siyankha. Amafunikanso kuthamanga ndi kugona mokwanira. Aphunzitsi amadandaula za ana osinza m'kalasi chifukwa anachezera novela.

Koma chimene ine chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi. Kale mwana ankatsatira mayi ake kulikonse, ndipo tsiku lonse ankamva mawu akuti "ichi usakhudze", "icho sadya", "apo pali njoka". Sukulu yathu yodziwira zoopsa inali imeneyo. Lero tonse takhala pamphasa imodzi koma aliyense maso ali pa kagalasi, ndipo akulufe ndiye tikutsogolera. Mwana akudziwa mayina a osewera mpira a ku Ulaya, koma palibe anamuuzapo kuti chithunzi cha chibade ndi mafupa awiri pa botolo chikutanthauza imfa. Chimene waona kambirimbiri pa kanema ndi anthu akumwa refiresiko akumwetulira. Kwa iye botolo lotere ndi lotsekemera basi. Ndiye ife tikuthiramo poizoni n'kuliika pamene dzanja lake likufika.

Palinso mavidiyo ndi mauthenga oyenda pa WhatsApp ndi Facebook. Wina akuti sakanizani mankhwala awa ndi awa kuti mbozi zife msanga. Wina akupopera ali chifuwa pamtunda, opanda nsapato. Achinyamata akuonera n'kutengera. Munthu wa mu vidiyoyo simukumudziwa, ndipo mukadwala sadzabwera kudzakuonani. Funsani alangizi a zaulimi, amene mungawapeze n'kuwafunsanso kachiwiri.

Chifukwa chake mwana amavulala msanga

Kuno timalima kachewere, tomato, kabichi, nyemba ndi fodya, ndipo kuyambira 2017 ntchemberezandonda zatisautsa m'chimanga. Choncho mankhwala ali pafupifupi m'nyumba iliyonse. Ambirife timaganiza kuti amapweteka munthu akamwa basi. Ayi. Amalowanso pakhungu, m'maso ndi m'mphuno. Amene amasenza pampu yodontha kumsana, malaya ali chinyowere, akumwa mankhwala ndi khungu lake ngakhale pakamwa patsekedwa.

Thupi la mwana ndi laling'ono, ndiye kadontho kamene kangangopweteketsa mutu bambo kangathe kugwetsa mwana. Amapuma mofulumira kuposa wamkulu, amakwawa pansi, chilichonse amaika m'kamwa. Ubongo wake ukukulabe, ndipo mankhwala ambiri ophera tizilombo amagwira ntchito poononga mitsempha. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asapopere, asasakanize, asachape zovala zopoperera, chifukwa ena mwa mankhwalawa amafika kwa mwana m'mimba ndiponso m'mkaka wa m'mawere. Mwana wa kumsana asalowe m'munda umene wangopoperedwa.

Pali chizolowezi china chimene ndachiona m'makomo ambiri. Pepala la pa botolo limalembedwa m'Chipwitikizi, ndipo ngati mankhwala alowa kuchokera ku Malawi, m'Chingerezi. Bambo akalephera kuwerenga amaitana mwana wa sukulu, yemwe uja wodziwa foni. Lero wawerenga, mawa wayeza ndi kachivindikiro, mkuja wasenza pampu. Mwana awerenge ali chapatali, botolo lili lotseka m'manja mwanu. Kuyeza, kusakaniza ndi kupopera ndi ntchito ya akulu. Lamulo la ntchito la dziko lino silimalola kupatsa munthu wosakwana zaka 18 ntchito yoika thanzi lake pangozi.

Ngakhale simudziwa kuwerenga, yang'anani mzere wa mtundu m'munsi mwa pepala. Wofiira ndi woopsa kwambiri. Wachikasu ndi woopsanso. Wobiriwira ndi wocheperako mphamvu, koma si madzi akumwa. Aonetseni ana mitundu imeneyi ndi chithunzi cha chibade. Mu 2014 boma la Mozambique, mothandizana ndi FAO, linaletsa mankhwala ambiri oopsa kwambiri. Koma mukagula othiridwa m'botolo lopanda pepala, simungadziwe ngati mwagula ololedwa, oletsedwa kapena otha ntchito. Ndikudziwa kuti botolo lathunthu ndi lodula. Gwirizanani anthu atatu kapena anayi, mugule limodzi kusitolo yovomerezeka, lizisungidwa ndi munthu mmodzi m'botolo lake lomwelo.

Sungani mankhwala m'bokosi lokhoma, pamwamba, kunja kwa chipinda chogona, kutali ndi ufa ndi mchere. Botolo likatha litsukuluzeni katatu, madziwo muthire m'pampu, kenako mulibowole kuti wina asatungire madzi kapena kuikamo mafuta ophikira. Musatsuke pampu pachitsime kapena mumtsinje. Mankhwala a m'munda musathire m'mutu mwa mwana kuti muphe nsabwe, kapena pamphasa kuti muphe nsikidzi.

Mapiritsi aja oika m'matumba a chimanga kuti anankafumbwe afe amatulutsa mpweya wakupha. M'nyumba zathu zambiri matumba amakhala m'chipinda chimene ana amagona, chitseko chotseka usiku wonse. Mapiritsi amenewa ndi a anthu ophunzitsidwa, m'nyumba yosungira katundu mmene simugona munthu.

Za masiku odikira ndinene mosabisa, pakuti tonse timadziwana. Pepala limanena masiku oyenera kudutsa kuchokera tsiku lopopera kufika tsiku lothyola. Ena timapopera lero, mawa tomato ali pamsika wa Ulongwe kapena wawoloka malire, ati kuti aziwala. Tomato ameneyo akadya ndi mwana wa mnzanu, ndipo wanu akudya kabichi wa munthu wina amene wachita chimodzimodzi.

Ngozi ikachitika

Zizindikiro zimasiyana malinga ndi mankhwala, koma zofala ndi izi: dovu lambiri, thukuta, misozi, kusanza, kutsegula m'mimba, mutu ndi chizungulire, minofu kunjenjemera, kupuma movutika, kukomoka. Kadontho kakuda ka pakati pa diso kamatha kuchepa kwambiri ngati kansonga ka singano. Nthawi zina anthu amati ndi malungo, khunyu kapena zamatsenga, n'kutaya nthawi. Mwana amene anali bwinobwino akadwala mwadzidzidzi chotere, nunkhizani malaya ake, yang'anani pamene mumasunga mankhwala.

Muchotseni pamalopo apume mpweya wabwino. Muvuleni zovala, mumusambitse ndi sopo ndi madzi ambiri, inunso mutavala pulasitiki m'manja. Ngati alowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15. Musamusanzitse. Musamupatse mkaka, mafuta, mazira kapena madzi a mchere. Ndikudziwa kuti tinakula tikumva kuti mkaka umapha poizoni, koma si zoona, ndipo masanzi akalowa m'mapapo mwana amavulala kawiri. Ngati wakomoka mugonekeni cham'mbali, musamuthire kanthu m'kamwa. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale akuoneka kuti ali bwino, chifukwa mankhwala ena amayamba kuonetsa mphamvu patapita maola. Tengani botolo, mutalimanga m'pulasitiki. Apa foni ikuthandizeni: lero lomwe jambulani pepala la mankhwala aliwonse amene muli nawo, ndipo sungani nambala ya APE wa m'mudzi mwanu ndi ya munthu wa njinga yamoto.

Mawu okhudza anyamata ndi atsikana

Nkhani iyi ndi yolemera, koma kuibisa sikutithandiza. OMS imati mwa anthu asanu alionse odzipha padziko lapansi, pafupifupi mmodzi amagwiritsa ntchito mankhwala a m'munda. Ambiri sakhala kuti anakonzekera kwa nthawi yaitali. Umakhala mkwiyo kapena manyazi a ola limodzi, ndipo botolo linali pafupi. Ola limenelo likadutsa botolo lili lokhomeredwa, ambiri amakhala ndi moyo.

Foni yabweretsa manyazi a mtundu watsopano. Kale mwana akalakwa zinkathera pabwalo la mudzi. Lero chithunzi cha mtsikana kapena mawu omunyoza amazungulira m'magulu a WhatsApp, sukulu yonse n'kuona tsiku limodzi, makolo osadziwa kanthu. Anyamata ena akutaya ndalama za feteleza pa kubetcha kwa pa foni, n'kumaopa kubwera kunyumba. Mukaona mwana wasiya kudya, akudzipatula, sakugona, kapena akunena kuti bola kufa, musaseke ndipo musayambe ndi ndodo. Chotsani mankhwala onse pakhomo tsiku lomwelo, akasungidwe kwa munthu wina. Khalani naye pansi, mumufunse, mumvetsere mpaka amalize. Musamusiye yekha. Mupite naye kuchipatala, kapena kwa munthu wamkulu amene iye amamukhulupirira.

Iwe mng'ono wanga amene ukuwerenga kapepala aka, ngati zakuchuluka ndipo ukuopa kuuza a kunyumba, imba 116, Linha Fala Criança. Ndi yaulere, ndipo akulu angaimbenso pofuna kuthandiza mwana.

Kwa achemwali anga tsopano kuli bokosi lathabwa lokhala ndi loko, lopachikidwa m'kanyumba ka makasu, kiyi amayenda nayo alamu. Nthawi ya nsima foni imakhala pawindo. Mnyamata uja filimu amaonerabe, koma akakhala ndi mng'ono wake foni sapatsidwa. Sabata yamawa pa nthawi yomweyi tidzakamba za zovala zopoperera, ndi zimene mungachite ngati magolovesi ndi majombo simungakwanitse kugula. Amene muli ndi mafunso kapatseni ativisita kapena APE wa kwanuko, tidzawayankha pa wailesi.