Anayenda Pansi Masiku 381: Phunziro la Anthu Odzipereka a ku Montgomery

Nkhani ya sabata ino ikuchokera kutsidya kwa nyanja, ku mzinda wa Montgomery, umene ndi likulu la chigawo cha Alabama m'dziko la America. Omvera ambiri anamvapo dzina la Mayi Rosa Parks, amene anakana kusiyira Mzungu mpando m'basi, ndiponso dzina la Mbusa Martin Luther King. Koma ndi owerengeka okha amene amadziwa za aphunzitsi, ophika, osoka zovala ndi oyendetsa magalimoto amene anadzipereka kwa chaka chathunthu kuti kukana kwa mayi mmodzi kusanduke mphamvu ya anthu zikwizikwi. Nkhaniyi ndi ya anthu amenewo, ndipo ikufotokoza mmene gulu la anthu odzipereka limayambira, mmene limadziyendetsera, ndi mmene limapiririra pa nthawi ya mavuto.

M'zaka za m'ma 1950 malamulo a chigawocho ankalekanitsa anthu potengera khungu lao, m'masukulu, m'zipatala ndi m'mabasi momwe. Mipando 10 yakutsogolo m'basi inali ya Azungu okha, ngakhale itakhala yopanda munthu. Munthu wakuda ankalipira pa khomo lakutsogolo, kenaka kawirikawiri ankauzidwa kuti atsike akalowere khomo lakumbuyo. Ndipo nthawi zina basi inkanyamuka iye asanafike pa khomolo. Chonsecho, mwa anthu anayi alionse okwera mabasi mumzindamo, pafupifupi atatu anali akuda. Kusintha malamulowo kudzera m'chisankho kunali kovuta, pakuti munthu wakuda akafuna kulembetsa m'kaundula wa voti ankayenera kulipira msonkho wapadera ndi kuyesedwa mayeso amene alembi a kaundulawo ankamulepheretsa mwadala. Motero anthu ochuluka ankalamulidwa ndi akuluakulu amene iwo analibe mwai wowasankha.

Ntchito yokonzekera inayamba kale kwambiri Mayi Parks asanamangidwe. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, mphunzitsi wina wa pa Alabama State College, Mayi Mary Fair Burks, anayambitsa bungwe la amayi lotchedwa Women's Political Council. Amayiwa ankaphunzitsa anzao kalembetsedwe ka voti, ankasonkhanitsa madandaulo a anthu okwera mabasi, ndi kupita nao kwa akuluakulu a mzinda. M'chaka cha 1950 utsogoleri wa bungweli unapita kwa Mayi Jo Ann Robinson, amenenso anali mphunzitsi pa koleji yomweyo. Pa 21 Meyi 1954 mayiwa analembera kalata mfumu ya mzindawo, Bambo W. A. Gayle, yochenjeza kuti ngati nkhanza za m'mabasi sizitha, anthu akuda adzanyanyala kukwera. Akuluakuluwo sanalabadire.

Mayi Parks naonso sanali mlendo pa ntchitoyi. Ankagwira ntchito yosoka zovala m'sitolo ina yaikulu, koma kuyambira m'chaka cha 1943 anali mlembi wa nthambi ya bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP, kumene ankagwira ntchito ndi Bambo E. D. Nixon, wantchito wa m'sitima zapamtunda amene anaphunzira kusonkhanitsa anthu m'bungwe la apantchito. Pakati pa chaka cha 1955 mayiwa anakachita maphunziro a masabata awiri ku Highlander Folk School m'chigawo cha Tennessee. M'chaka chomwecho, pa 2 Malichi, mtsikana wa zaka 15, Claudette Colvin, anali atamangidwa kale pa mlandu wokana kusiya mpando. Mkwiyo unalipo, mabungwe analipo, ndipo anthu ake ankadziwana.

Tsono Lachinayi pa 1 Disembala 1955, woyendetsa basi anauza anthu akuda anayi kuti aimirire chifukwa cha Mzungu mmodzi amene analibe pokhala. Atatu anaimirira, koma Mayi Parks anakana, ndipo apolisi anawamanga. Madzulo omwewo Bambo Nixon anakawatulutsa pa belo. Usiku umenewo Mayi Robinson sanagone. Pamodzi ndi mnzao wa pa koleji ndi ophunzira awiri, anachezera pa makina ochulukitsira mapepala, nasindikiza timapepala zikwi makumi angapo topempha anthu kuti asakwere basi Lolemba likudzalo. Kutacha, timapepalato tinagawidwa m'masukulu, m'masitolo ndi m'malo ometera tsitsi, kutsata njira zimene amayi a bungwe lija anali atazikonza kale. Lachisanu abusa ndi atsogoleri ena anakumana, ndipo Lamulungu uthengawo unalengezedwa m'matchalitchi. Nyuzipepala ya Montgomery Advertiser nayo inasindikiza nkhaniyi pa tsamba loyamba, kotero kuti ngakhale amene kapepala sikanawapeze anamva.

Lolemba pa 5 Disembala mabasi anayenda ali pafupifupi opanda anthu. M'mawa bwalo la milandu linalamula Mayi Parks kulipira chindapusa cha madola 10 ndi madola ena 4 a ndalama za bwalo. Masana atsogoleri anakhazikitsa bungwe latsopano lotchedwa Montgomery Improvement Association, nasankha Mbusa King, amene anali ndi zaka 26 zokha, kukhala wapampando. Chimodzi mwa zifukwa zowasankhira chinali chakuti anali atangofika mumzindamo chaka chapitacho, ndipo anali asanalowe m'mikangano imene inkagawa atsogoleri akale. Bambo Nixon anakhala msungichuma. Madzulo anthu zikwi zingapo anadzaza tchalitchi cha Holt Street Baptist ndi misewu yozungulira. Mbusa Ralph Abernathy anawerenga mfundo za bungwelo, napempha onse ovomereza kuti aimirire. Khamu lonse linaimirira. Izi zikuonetsa kuti atsogoleri sanalamule anthu kupitiriza kunyanyalako. Anawafunsa, ndipo eni akewo anagamula.

Zimene bungwelo linapempha poyamba zinali zitatu zokha, zomveka kwa munthu aliyense: kuti oyendetsa mabasi azilemekeza okwera, kuti wofika msanga azikhala pa mpando, akuda kuyambira kumbuyo ndi Azungu kuyambira kutsogolo, popanda wina kuimiritsidwa, ndi kuti m'njira zopita kumene kunkakhala anthu akuda ambiri mulembedwe oyendetsa akuda. Akuluakulu a mzinda ndi a kampani ya mabasi anazikana zonsezi.

Apa ndi pamene ntchito yeniyeni inayambira, pakuti munthu angathe kuyenda pansi tsiku limodzi chifukwa cha mkwiyo, koma mawa lake afunika kukafika ku ntchito pa nthawi yake kuti ana adye. Masiku oyambirira eni matekisi akuda ankanyamula anthu pa masenti 10, mtengo womwewo wa basi. Akuluakulu a mzinda anaopseza kumanga aliyense wolipiritsa ndalama zochepera masenti 45, monga lamulo linkanenera. Atsogoleri anafunsa nzeru kwa Mbusa T. J. Jemison wa ku Baton Rouge, kumene anthu ananyanyalapo mabasi m'chaka cha 1953, ndipo anatengera njira yao yobwerekana magalimoto. Komiti ya zamtengatenga, imene Bambo Rufus Lewis anaitsogolera, inasonkhanitsa magalimoto pafupifupi 300 a anthu odzipereka. Panakhazikitsidwa malo oposa 40 okwererapo m'mawa ndi malo enanso oposa 40 okwererapo madzulo pobwerera, ndipo panali anthu olongosola za galimoto iti ipite kuti. Pambuyo pake matchalitchi anagula magalimoto ena onyamula anthu angapo, nalembapo maina a matchalitchiwo. Makampani a inshuwalansi a m'deralo atakana kuwateteza, bungwelo linakapeza inshuwalansi ku Lloyd's ya ku London. Komabe anthu ambiri ankangoyenda pansi mitunda italiitali, pa dzuwa ndi pa mvula.

Misonkhano ya anthu onse inkachitika kawiri pa sabata, Lolemba ndi Lachinayi madzulo, ndipo inkasinthasintha matchalitchi kuti pasapezeke mpingo wonena kuti ntchitoyi ndi yake yokha. Pa misonkhanoyo anthu ankaimba, kupemphera, kumva malipoti a makomiti, ndi kusonkha ndalama zogulira petulo ndi matayala. Mayi Georgia Gilmore, amene anali wophika, anasonkhanitsa amayi anzao m'kagulu kotchedwa Club from Nowhere. Ankaphika nkhuku ndi makeke, kugulitsa, ndi kubweretsa ndalamazo ku msonkhano. Dzina la kaguluko limatanthauza kuti ndalamazo sizichokera kulikonse, ndipo linali njira yobisira amayi amene akanachotsedwa ntchito mabwana ao akanadziwa. Mayi Gilmore okha ndiwo ankaonekera. Akale anati mutu umodzi susenza denga. Ku Montgomery wa galimoto anapereka galimoto, wa mphika anapereka mphika, ndipo amene analibe kanthu anapereka mapazi ake.

Mayesero sanachedwe kufika. M'mwezi wa Januwale 1956 akuluakulu a mzinda anakumana ndi abusa atatu amene sanali atsogoleri a bungwelo, nalengeza kuti mkangano watha. Atsogoleri enieni atamva zimenezi Loweruka madzulo, anayenda usiku womwewo m'malo achisangalalo, ndipo Lamulungu m'mawa abusa anauza mipingo yao kuti nkhaniyo ndi yabodza. Lolemba mabasi anayendabe opanda anthu. Apolisi anayamba kuvutitsa oyendetsa magalimoto aja ndi timilandu ta pamsewu, ndipo Mbusa King anatsekeredwa chifukwa choyendetsa pa liwiro la mamailosi 30 pamalo pa mamailosi 25. Pa 30 Januwale nyumba yao inaphulitsidwa ndi bomba, mkazi wao ndi mwana wakhanda ali momwemo, koma anapulumuka. Khamu laukali linasonkhana panja, ena atanyamula zida. Mbusayo anawapempha kuti abwerere kwao mwamtendere, ndipo anamvera. M'mwezi wa Febuluwale atsogoleri oposa 80 anaimbidwa mlandu pa lamulo lakale la 1921 loletsa kunyanyala. M'malo modikira apolisi, ambiri anavala zovala zao zabwino nakadzipereka okha ku polisi, anzao akuwachemerera. Kuyambira pamenepo ndende inaleka kuchititsa manyazi.

Pamene anthu anali kuyenda pansi, maloya anali kuyenda ku bwalo la milandu. Pa 1 Febuluwale 1956 loya wachinyamata, Bambo Fred Gray, anakasuma ku bwalo la boma lalikulu, kupempha kuti lamulo lenilenilo la tsankho m'mabasi lithetsedwe. Mlanduwo umadziwika ndi dzina lakuti Browder v. Gayle, ndipo odandaula ake anali Aurelia Browder, Susie McDonald, Mary Louise Smith ndi Claudette Colvin yemwe uja. Pa 5 Juni oweruza awiri mwa atatu anagamula kuti tsankholo likutsutsana ndi malamulo aakulu oyendetsera dziko. Pa 13 Novembala, tsiku lomwe bwalo lina la m'chigawocho linaletsa magalimoto obwerekana aja, Bwalo Lalikulu Kwambiri la dziko lonse linagwirizana ndi chigamulo cha mu Juni. Anthu anayendabe pansi milungu ina isanu, kudikira kuti chikalata cha chigamulocho chifike. Chinafika pa 20 Disembala, ndipo m'mawa mwa pa 21 Disembala 1956 anakweranso mabasi, aliyense pa mpando umene waufuna. Panali patapita masiku 381.

Walira mvula walira matope. Mayi Parks anachotsedwa ntchito, ndipo m'chaka cha 1957 anasamukira ku Detroit. Mabasi ena anaomberedwa ndi mfuti, ndipo mu Januwale 1957 matchalitchi anayi ndi nyumba ziwiri za abusa zinaphulitsidwa usiku umodzi. Aliyense wofuna kuyambitsa gulu lotere ayenera kuuza anzake zoona kuyambira pachiyambi, kuti ntchitoyi ili ndi mtengo wake.

Pali zinthu zingapo zimene munthu angatole m'nkhaniyi. Choyamba, gulu limamangidwa mavuto asanafike, pa anthu odziwana kale a mumpingo, m'sukulu ndi pa ntchito. Chachiwiri, zofuna za gulu zikhale zochepa ndi zomveka. Chachitatu, ntchito igawidwe m'makomiti, kuti aliyense akhale ndi chochita cholingana ndi mphamvu zake. Chachinayi, misonkhano ichitike pa masiku odziwika, ndipo anthu azimva zoona kuchokera kwa atsogoleri ao mphekesera zisanawapeze. Chachisanu, gulu lidziletse pa chiwawa, pakuti adani ake amayembekeza mwala umodzi wokha kuti apeze chifukwa cholithetsera. Ndipo chachisanu ndi chimodzi, mapazi a anthu pamsewu ayendere limodzi ndi zikalata za ku bwalo la milandu.

Mpando wa m'basi sunali mapeto. Ufulu woponya voti unatenga zaka zina pafupifupi 9. Mu Malichi 1965 anthu zikwi zambiri anayenda ulendo wochokera ku Selma kukafika ku Montgomery komweko, ndipo pa 6 Ogasiti chaka chomwecho Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo la Voting Rights Act, limene linachotsa mayeso aja. Koma m'chaka cha 2013, pa mlandu wochokera m'boma la Shelby ku Alabama konko, Bwalo Lalikulu Kwambiri linathetsa gawo lofunika la lamulolo, limene linkatchula zigawo zoyenera kupempha chilolezo cha boma lalikulu zisanasinthe malamulo a chisankho. Mabungwe a anthu odzipereka anayambanso kuyenda khomo ndi khomo kuthandiza anthu kulembetsa m'kaundula. Ulamuliro wa demokalase uli ngati munda: ngakhale chaka chatha unabereka bwino, mwini wake ayenera kudzukanso m'mamawa ndi khasu mvula ikagwa.